Chimene Chimachedwetsa Kompyuta Yakale ndi Zimene Makomiti a kwa Kabudula Angachite

Makompyuta ambiri amene amafika m'masukulu ndi m'maofesi a kumudzi amakhala oti anagwirapo kale ntchito kwina. Pakapita nthawi amayamba kuchedwa, amaima ntchito ili mkati, ndipo pamapeto pake amatsekeredwa m'chipinda chosungiramo katundu poganiza kuti afa. Kwa mwana wa kwa Kabudula kapena ku Nsaru amene akukonzekera mayeso a Computer Studies a MSCE, makina amodzi akatsekeredwa ndiye kuti nthawi yake yoyeserera yachepa. Komatu nthawi zambiri makinawo amakhala asanafe. Chimene chawavuta ndi kuchepa kwa RAM.

Kompyuta imasunga zinthu m'malo awiri. Hard disk ili ngati nkhokwe: ndi yaikulu ndipo zimene zaikidwamo zimakhalitsa. RAM ili ngati lichero: ndi yaing'ono, koma ntchito yeniyeni imachitikira pamenepo. Magetsi akazima, zonse zimene zinali mu RAM zimafufutika, n'chifukwa chake kalata yosasungidwa imatayika. Amene amagawa malo a m'licheromo ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, monga Windows kapena Linux. Iyo imadula malowo m'tizigawo ting'onoting'ono, kawirikawiri ta 4 KB, n'kumapatsa pulogalamu iliyonse imene yatsegulidwa.

RAM ikadzaza, pulogalamu yaikulu ija imatenga tizigawo timene sitikugwira ntchito panthawiyo n'kukatisungiza pa hard disk, pamalo otchedwa pagefile mu Windows kapena swap mu Linux. Nzeru imeneyi inayambira pa kompyuta ya Atlas ku yunivesite ya Manchester, imene inayamba kugwira ntchito mu 1962. Njirayi imathandiza, koma hard disk imachedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Mapulogalamu akachuluka, makina amangokhalira kututa, kuchotsa m'lichero kupititsa kunkhokwe ndi kubweza, osapeta kanthu. Akatswiri amatcha vutoli thrashing. Chizindikiro chake ndi kanyali ka hard disk kamene kamangoyaka osazima pamene kompyuta sikuyankha.

Vutoli limakula chifukwa mapulogalamu atsopano amafuna malo ambiri. Windows XP inkatha kuyenda ndi RAM ya 128 MB, Windows 10 imafuna pafupifupi 1 GB kapena 2 GB kuti ingoyamba chabe, pamene Windows 11 imafuna yosachepera 4 GB. Kubwerera ku mapulogalamu akale nakonso kuli ndi ngozi zake, pakuti kampani ya Microsoft inasiya kuteteza Windows XP pa 8 Epulo 2014 ndi Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Makina otere akalumikizidwa ku intaneti amagwidwa mavairasi mosavuta.

Pali zinthu zingapo zimene wosamalira makina angachite popanda ndalama. Choyamba, asindikize pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc kuti atsegule Task Manager, imene imaonetsa pulogalamu yomwe ikudya RAM yambiri. Chachiwiri, ophunzira azolowere kutsegula pulogalamu imodzi kapena awiri okha panthawi imodzi, ndi kutseka masamba a intaneti amene athana nawo, popeza tsamba lililonse limatenga malo akeake. Chachitatu, azimitse mapulogalamu amene amadziyatsa okha kompyuta ikamayaka. Chachinayi, asalole hard disk kudzaza ndi nyimbo ndi mafilimu, chifukwa pagefile imafuna malo. Chachisanu, katswiri atha kuikamo Linux yopepuka monga Lubuntu, imene ndi yaulere, pamodzi ndi LibreOffice yolembera makalata ndi kuwerengera ndalama. Zimenezi zisanachitike, mafailo onse ofunika akoperedwe pa fulashi.

Ndalama zikapezeka, kuwonjezera RAM kumatchipa kusiyana ndi kugula kompyuta ina. Wogula ayambe wadziwa mtundu umene makinawo amalola, kaya DDR2, DDR3 kapena DDR4, pakuti mtundu wina sulowa pamalo pa unzake. Adziwenso kuti Windows ya 32-bit singagwiritse ntchito RAM yoposa 4 GB, choncho kugula yochuluka kuposa pamenepo n'kutaya ndalama.

Makomiti a sukulu, a VDC ndi a ADC ali ndi udindo pankhaniyi. Mphatso ya makompyuta ikamabwera, ndi bwino kuthokoza komanso kufunsa mwaulemu kuti RAM yake ndi yochuluka bwanji, muli pulogalamu yanji, ndipo adzakonza ndani makinawo akavuta. Mayankhowo alembedwe m'kaundula wa katundu. Makomiti amene ali ndi makompyuta otsekeredwa akulangizidwa kuwatulutsa kuti katswiri awaone kaye asanalembedwe kuti ndi owonongeka.