Mau a Cingelezi Ofotokozera Dotolo Matenda Anu

Si nthawi zonse pamene mupeza dotolo wodziwa Cinyanja. Mukatumizidwa ku cipatala cacikulu ca ku Chipata kapena ku UTH ku Lusaka, mungakumane ndi dotolo wocokera ku cigawo cina kapena ku dziko lakunja, womasulira n'kusowa. Lero tiphunzire mau ocepa amene angakuthandizeni.

Tiyambe ndi malungo, pakuti ndi pamene ambiri timasocera. Ife thupi likangotentha timati malungo. Cingelezi cili ndi mau awiri. "Fever" ndi kutentha thupi, makamaka cipimo cikafika pa 38. "Malaria" ndi nthenda yobwera ndi udzudzu, ndipo imatsimikizika pokhapo magazi atapimidwa. Conco musayambe ndi "I have malaria". Nenani kuti "I have a fever". Cibayo, taifodi ndi nthenda youmitsa khosi nazonso zimatenthetsa thupi, ndipo munthu wongomwa mankhwala a malungo angataye masiku nthenda yeniyeni ili kukula.

Za m'mimba nazo zifuna cenjezo. Kuno tinazolowera kunena "running stomach", koma mlendo angadabwe nazo. Liu lake ndi "diarrhoea", ndiko kutsegula m'mimba katatu kapena kuposerapo pa tsiku. Mukaona magazi, monga pa kamwazi, nenani kuti "There is blood in the stool". Musaseke, "stool" apa si kampando ai, ndi cimbudzi, ndipo ndico anasi afuna akakupatsani kabotolo. Mseru ndi "nausea", kusanza ndi "vomiting". Mngelezi akati "I feel sick" kawirikawiri atanthauza mseru.

Cilungulira ndi "heartburn", ndipo ngakhale muli liu lakuti mtima, gwero lake ndi m'mimba. Koma kupweteka kothina pacifuwa ndi "chest pain", ndipo kumeneko musacedwe nako kunyumba.

Cizungulire ndi "I feel dizzy", kukomoka ndi "to faint". Mwana akauma thupi ndi kugwedezeka, liu lake ndi "fits" kapena "convulsions". Mukafika naye, uzani anasi liu limeneli pomwepo, musakhale cete pamzere.

Dotolo adzafunsanso kuti "Since when?", ndiko kuti munayamba liti. Yankhani kuti "since Monday" potchula tsiku, kapena "for three days" powerenga masiku. Werengani bwino musanacoke kunyumba. Cifuwa cimene cafika masabata awiri cifunika kupimitsa TB, ndipo makhololo amene adzakupemphani ndiwo "sputum".