Kodi SSD Yaing'ono Ingakwane Windows? Phunziro kwa Ofuna Kugula Laputopu

Taganizirani wophunzira wa ku Makanjira amene bambo ake akhala akusunga ndalama za usipa nyengo yonse kuti amugulire laputopu. Wafika m'sitolo pa Mangochi Boma, ndipo amuonetsa makina awiri a mtengo wofanana. Laputopu ina ndi yopyapyala, yonyezimira, yolembedwa 32 GB. Inayo ndi yakale, yokalikakalika, koma ili ndi SSD ya 128 GB. Iye watenga yonyezimirayo. Patapita miyezi itatu, sabata yopereka pulojekiti, kompyuta ikukana kusunga fayilo chifukwa malo atha. Ndalama zapita, ndipo kumudzi kulibe zina.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Cholinga cha phunziroli n'chakuti inu mudziwe mafunso oyenera kufunsa ndalama zisanachoke m'manja.

SSD n'chiyani?

Kompyuta iliyonse ili ndi nkhokwe yosungiramo zinthu. Nkhokwe yakale ndi hard disk. M'kati mwake muli timbale tozungulira, nthawi zambiri ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayenda pamwamba pake. SSD ilibe chozungulira chilichonse. Imasunga zinthu m'tizipangizo tofanana ndi ta m'fulashi. N'chifukwa chake ili ndi liwiro: SSD wamba ya mtundu wa SATA imawerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi, pamene hard disk ya laputopu imangofika cha m'ma 100 MB.

Kwa ife a kunyanja pali phindu lina. Laputopu yathu imakwera kabaza, imagwedezeka pa msewu wa ku Makanjira, imakwera mapiri a ku Namwera ili m'chikwama. Kugwedezeka ndi kugwa ndi adani a hard disk, makamaka ikamagwira ntchito. SSD imapirira zimenezi. Vuto lake n'lakuti pa ndalama zofanana mumapeza malo ochepa. Apa ndiye pagona funso lathu.

Woyamba kulowa m'nkhokwe

Musanasungemo notsi ngakhale imodzi, m'nkhokwemo mumayamba mwalowa pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, imene amaitcha operating system. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito Windows. Kampani ya Microsoft imanena kuti Windows 11, imene inatuluka pa 5 Okutobala 2021, imafuna malo osachepera 64 GB. Windows 10 poyamba inkafuna 16 GB kapena 20 GB, koma kuyambira mu 2019 makompyuta atsopano anayenera kukhala ndi 32 GB. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mwaulere pa 14 Okutobala 2025, choncho wogula lero aziganizira za Windows 11.

Manambala amenewa ndi a polowera chabe. Akutanthauza kuti Windows ilowa, koma sakulonjeza kuti inu mupeza poika zanu.

Malo amathera kuti?

Choyamba, nambala ya pa bokosi si imene mudzaione pa kompyuta. Opanga amawerengera 1 GB ngati mabayiti 1,000,000,000, pamene Windows imawerengera 1,073,741,824. Motero SSD ya 32 GB imaoneka ngati 29 GB ndi kanthu pang'ono, ya 64 GB ngati 59, ya 128 GB ngati 119, ndipo ya 256 GB ngati 238. Wogulitsa sanakubereni, kwangosiyana kawerengedwe.

Chachiwiri, Windows ili ndi mafayilo obisika. Fayilo ya pagefile imathandiza RAM ikadzaza. Ya hiberfil imasunga zimene zinali mu RAM kompyuta ikagona, ndipo nthawi zambiri imatenga magawo 40 pa 100 a kukula kwa RAM. Ngati RAM yanu ndi 8 GB, apa papita 3 GB. Kuyambira mu 2019, Windows imapatulanso malo okwana pafupifupi 7 GB kuti ma update azipeza pofikira.

Chachitatu, update yaikulu ikabwera, Windows imasunga yakaleyo m'foda yotchedwa Windows.old kwa masiku 10, kuti zikavuta mubwerere. Foda imeneyi ikhoza kupitirira 10 GB. Pa masiku amenewo m'nyumba imodzi mumakhala eni nyumba awiri.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze kuti Windows 11 ndi mafayilo ake onse obisika yatenga 30 GB. Office imafuna 4 GB. Tionjezepo 2 GB ya Chrome, chowerengera PDF ndi timapulogalamu tina. Zonse pamodzi ndi 36 GB.

SSD ya 32 GB: muli 29 GB yokha. Sizikwana, ndipo Windows 11 siinapangidwire malo otere.

SSD ya 64 GB: 59 kuchotsa 36, kutsala 23 GB. Mukasiya 9 GB yopumira, zanu ndi 14 GB. Ilowa, koma update yaikulu iliyonse idzakhala nkhondo.

SSD ya 128 GB: 119 kuchotsa 36, kutsala 83 GB. Mukasiya 18 GB yopumira, zanu ndi 65 GB. Izi zikwanira wophunzira wa notsi, mabuku a PDF ndi zithunzi zochepa.

SSD ya 256 GB: apa mtima ukhala m'malo, ngakhale muli ndi mapulogalamu a akaunti, owerengera zofufuza kapena okonzera zithunzi.

Kumbukirani kuti zolemba sizidya malo. Pulojekiti ya masamba 50 yopanda zithunzi kawirikawiri siifika ngakhale 1 MB. Chimene chimamaliza nkhokwe ndi mavidiyo. Vidiyo yooneka bwino yojambulidwa pa foni imatha kudya 100 MB pa mphindi, kutanthauza kuti kwaya ikaimba mphindi 10, 1 GB yapita.

N'chifukwa chiyani tisiye malo opumira?

Msodzi wa ku Chembe kapena ku Malembo sadzaza bwato mpaka m'milomo, ngakhale tsikulo nsomba zitagwidwa zochuluka. Amadziwa kuti mwera ukayamba, bwato lopanda mpata limamwa madzi. SSD nayo ili chimodzimodzi. Imalemba zinthu m'timagawo ting'onoting'ono, koma pofufuta imafufuta chigawo chachikulu nthawi imodzi. Ikafuna kulemba pamalo pamene pali kale zinthu, imayamba yasamutsa zofunikazo, kufufuta chigawo chonse, kenako n'kulemba. Malo opanda kanthu akachepa, kusamutsaku kumachuluka, liwiro limatsika, ndipo tizipangizo timatha msanga chifukwa tili ndi malire a maulendo amene tingalembedwe. Langizo lodziwika ndi kusiya magawo 10 mpaka 20 pa 100 opanda kanthu.

Chenjerani ndi eMMC

Malaputopu ambiri opyapyala olembedwa 32 GB kapena 64 GB alibe SSD yeniyeni. Ali ndi eMMC, kachipangizo kowotchereredwa pa bolodi ya kompyuta. N'kochedwa kuposa SSD, ndipo simungakachotse kuti muikepo kakakulu. Iyi ndiyo mbuna imene wophunzira wathu uja anagweramo. Laputopu yakale ya SSD yochotseka mukhoza kuikulitsa chaka chamawa, pamene ya eMMC imakhala momwemo mpaka kufa kwake, pokhapokha ngati ili ndi malo ena oikapo SSD.

Musanalipire, pemphani kuti aiyatse. Tsegulani This PC muone kukula kwa C ndi malo otsala. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, dinani Disk, ndipo muwerenge dzina la chosungiracho. Funsani ngati chikuchotseka, komanso ngati ndi cha mainchesi 2.5 kapena cha M.2, chifukwa izi sizilowana. Wogulitsa wachilungamo sakana mafunso amenewa.

Ngati muli kale ndi yaing'ono

Musataye mtima. Pitani pa Settings, System, kenako Storage, muone chimene chikudya malo, ndipo muyatse Storage Sense kuti izichotsa yokha zinyalala. Disk Cleanup imachotsa zotsala za ma update akale. Mavidiyo ndi nyimbo zisamukire mu fulashi, memore khadi kapena hard disk yapadera. Ngati mwachotsa hard disk yakale poika SSD, musaitaye. Igulireni kabokosi ka USB, kapena muiike pamalo pa DVD ndi kachitsulo kotchedwa caddy. Windows ikhale pa SSD, katundu wolemera akhale pa hard disk.

Njira ina ndi Linux. Ubuntu imafuna 25 GB, ndipo Linux Mint imalowa pa 20 GB ngakhale kuti eni ake amalangiza 100 GB. Zonsezi n'zaulere, ndipo LibreOffice imatsegula mafayilo a Word ndi Excel. Ubuntu inayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinali ndi lomwe lija ife timati umunthu. Koma yambani mwafunsa aphunzitsi anu ngati maphunziro anu safuna pulogalamu yoyenda pa Windows pokha.

Zinthu zina zitatu ndi za kwathu kuno. Ma update amadya bandulo, choncho uzani Windows kuti intaneti ya pa foni yanu ndi metered connection, ndipo ma update akuluakulu muzipangira pa Wi-Fi ya pasukulu. Musayambe update batire ili yochepa, chifukwa magetsi akazima pakati pa ntchito Windows ikhoza kukana kuyaka. Ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene Mangochi watentha, musaike laputopu pa matiresi potseka potulukira mpweya. SSD zambiri zinapangidwa kuti zizigwira ntchito mpaka madigiri 70, ndipo zikatentha kwambiri zimachepetsa zokha liwiro.

Pomaliza, SSD ikamafa siichenjeza. Hard disk nthawi zina imayamba yalira kaye, koma SSD imatha kungoti zii m'mawa umodzi. Pulojekiti yanu ikhale malo atatu: pa laputopu, mu fulashi, ndi pa imelo kapena Google Drive, imene imapereka 15 GB yaulere.

Yankho la funso lathu ndi ili: 32 GB ayi, 64 GB movutikira, 128 GB inde, 256 GB ngati thumba lilola.

Mafunso okambirana

1. SSD ya 512 GB idzaoneka ngati ya ma GB angati pa Windows? Onetsani mmene mwawerengera.
2. Tsegulani Storage pa kompyuta imene mumagwiritsa ntchito. N'chiyani chikudya malo ambiri, ndipo chingasamukire kuti?
3. Msungichuma wa mpingo wanu akufuna laputopu yolembera malipoti okha, pamene wojambula kwaya akufuna yosungira mavidiyo. Aliyense mungamulangize SSD yotani, ndipo chifukwa chiyani?
4. Kompyuta yanu itafa usiku uno, ndi mafayilo ati amene simungawapezenso? Muchitapo chiyani sabata ino?