Kuyezetsa magazi pambuyo pa opaleshoni ya khansa ya m'chifu

Munthu akachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'chifu n'kubwerera kumudzi, abale amaganiza kuti nkhani yatha. Koma timbewu ta khansa tosaoneka ndi maso timatha kutsalira n'kukamera m'chiwindi kapena penapake m'mimbamo. Kawirikawiri khansa ikamabwerera imatero m'zaka 2 zoyambirira. N'chifukwa chake adotolo amamuitana wodwala miyezi 3 mpaka 6 iliyonse, kenako mwa apo ndi apo mpaka zitakwana zaka 5.

Kodi m'magazi amayang'anamo chiyani?

Khansa zina zimathira m'magazi zinthu zomwe makina amatha kuziwerenga. Papepala lanu mudzaona zalembedwa CEA, CA 19-9 kapena CA 72-4. Ngati nambalayo inali yokwera opaleshoni isanachitike, imayenera kutsika chotupa chikachotsedwa. Ikayambanso kukwera ulendo ndi ulendo, dotolo amakayikira, ndipo amakutumizani kukajambulidwa m'mimba kuti aone chenicheni. Nthawi zina magazi amaulula vutoli munthu asanamve kupweteka kulikonse.

Koma nambala ya tsiku limodzi isakuswetseni mtima. CEA imakweranso mwa anthu osuta fodya ndi odwala chiwindi. CA 19-9 imakwera njira ya ndulu ikatsekeka. Ndipo alipo ena omwe khansa imabwerera nambala zili bwinobwino, choncho pepala labwino sichifukwa chojombera tsiku lanu.

Apa ndi pomwe ife a m'malire timavutikira. Wina opaleshoni adachitira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, magazi akuyezetsa ku Tete, ulendo wina kwinanso. Makina a zipatala zosiyana samawerenga mofanana, ndiye nambala zake n'zovuta kuziyerekeza. Ngati n'kotheka muziyezetsa malo amodzimodzi. Mapepala onse, a Chipwitikizi ndi a Chingerezi omwe, muziwasunga m'pulasitiki kuti asanyowe kapena kudyedwa ndi chiswe, ndipo muziwatenga ulendo uliwonse. Dotolo watsopano amafuna kuona nambala yakale pambali pa ya lero. Kuyeza kotereku sikuchitika pachipatala chaching'ono cha kumudzi, ndiye funsiranitu komwe mudzapite kuti ndalama yoyendera muisunge nthawi ilipo.

Musadikire tsiku lomwe adakulemberani ngati wodwala akuonda mofulumira, akusanza akangodya, mimba ikutupa, maso achita chikasu, kapena chimbudzi chikutuluka chakuda ngati makala. Mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, mapepala ali m'manja.