Mkonono ndi Maso: Adokotala Akuyankha Makalata Anu

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza. Akuti, "Bambo akunyumba amaliza mkonono wosagonetsa anthu. Pena amangoti zii osapuma, kenako n'kudzidzimuka ngati atsamwa. Kukacha maso amakhala psuu, manthongo okhaokha. Kodi ziwirizi n'zogwirizana?"

Adokotala: Mayi, mwachita bwino kuonetsetsa, poti eni akewo sadziwa zimene amachita m'tulo. Mkonono pawokha sundidetsa nkhawa kwenikweni, koma kuti zii kumeneko. Munthu akagona minofu ya pakhosi imafooka, ndipo kwa ena njira ya mpweya imatsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposa. Ife timati obstructive sleep apnea. Zikamachitika kasanu pa ola matendawo alipo, zikapitirira 30 pa ola afika poipa.

Ena mwa anthu otere chikope cham'mwamba chimalobodoka, ndiye akagonera pilo chimapindikira kunja, diso n'kumakhuzika pansalu usiku wonse. Mukaone, kawirikawiri diso lofiira kwambiri limakhala la mbali imene amagonera. Limenelo ndi vuto laling'ono. Lalikulu lili kuseri kwa diso, kumene kuli mtsempha wotumiza zimene taona ku ubongo. Mpweya ukamaperewera m'magazi usiku ndi usiku mtsemphawo umavutika, ndipo anthu obanika m'tulo amapezeka kwambiri ndi glaucoma. Glaucoma yofalayi sipweteka. Imayamba kudya m'mbali, munthu akuwerengabe nyuzi bwinobwino, ndipo pamene yadya sipabwereranso. Musaifanizire ndi ng'ala, imene amachotsa munthu n'kuonanso. Choncho bambowo akayezetse maso, kaya ku Nkhoma kaya ku Kamuzu Central, ndipo inu mupite nawo mukafotokoze za usikuzo. BP ndi shuga akayezetsenso.

Wowulutsa: Bambo wina wa ku Limbe akuti tsiku lina anadzuka diso limodzi likuona theka, popanda ululu, ndiye akudikira kuti mwina lisintha.

Adokotala: Bambo, musadikire, pitani lero lomwe ku chipatala cha maso cha Lions ku Queen Elizabeth. Zikhoza kukhala kuti magazi anachepa kufika ku mtsempha uja muli m'tulo. Diso limenelo mwina silingabwerere mwakale, koma tikufuna titeteze linzakelo.

Wowulutsa: Yomaliza yachokera ku Johannesburg. Mchimwene wathuyu amagona ndi makina a CPAP, othandiza obanika m'tulo kupuma, koma akuti maso akumuuma.

Adokotala: Makinawo musawasiye, achimwene, ndi amene akutsegula pakhosipo. Chovala kumphunocho chikuphonyetsa mpweya umene ukuuzira m'maso. Akakukonzereni kapena akusinthireni, ndipo mupemphe mankhwala odonthezera onyowetsa maso. Kwa amene alibe makina, yambani ndi kuchepetsa thupi, kugona chammbali osati chagada, komanso kusiya mowa wa madzulo, chifukwa umafooketsa pakhosi kuposa kale.