Phunziro la Jogalafe: Chilumba Chopanda Nyanja Chili Pakhomo Pathu

Mabuku a alendo amatcha phiri la Mulanje chilumba cha m'mwamba. Ena mwa ife tidaseka titamva dzinali koyamba: chilumba chanji chopanda nyanja? Koma amene adalawirapo mwezi wa June, n'kuona nkhungu itakuta chigwa chonse, nsonga zokha zili poyera, akudziwa kumene dzinali lidachokera. M'phunziro lino tikufuna kuonetsa kuti dzinali si lokometsera chabe. Pamwamba paja ndi dziko lina, la nyengo yakeyake, ndipo wopita kumeneko ayenera kukonzeka ngati wowoloka nyanja. Tikupempha makolo ndi akuluakulu a komiti ya mzikiti kuti awerenge limodzi ndi ana, popeza chilolezo cha maulendo a sukulu chimachokera kwa iwo.

N'chifukwa chiyani ndi chilumba?

Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka udakwera kuchokera pansi pa dziko n'kuuma usanatulukire kunja. Mvula ndi mitsinje zidakokolola miyala yofewa yozungulira, mwala wolimbawo n'kutsala uli njo pakati pa chigwa. Nsonga yaitali, Sapitwa, ndi mamita 3,002 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, ndipo m'Malawi muno mulibe malo oposa pamenepo.

Tiwerengere pamodzi. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Kuchokera kuno ku Likhubula kukafika pa Sapitwa ndi mamita opitirira 2,000. Ndiye kuti kuno kukakhala madigiri 20, kumtunda kuja kuli madigiri 8 kapena kucheperapo, tisanawerengere mphepo. M'miyezi ya June ndi July, usiku madzi amaundana pa udzu wa pamwamba.

Phirili limaimitsanso mphepo yachinyontho yochokera ku nyanja ya Indian. Mphepoyo ikakwera imazizira, n'kusanduka mitambo ndi mvula. N'chifukwa chake tiyi amakula bwino kumwera kwa phiri, pamene mbali ya ku Phalombe imalandira mvula yocheperapo. Chiperoni chomwe timachidziwa, chotchedwa ndi dzina la phiri la Chiperone ku Mozambique, chimatha kukuta njira m'kanthawi kochepa, mpaka mnzako ali pafupi osamuona.

Monga pa chilumba chenicheni, pamwamba pali zamoyo zosapezeka kwina. Mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, sumera mwachilengedwe paliponse padziko koma pa phiri lino. Macheka ndi moto zidautha, moti kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi midzi yozungulira akubzala mbande zatsopano. Ndodo imodzi ya machesi ingathe kufafaniza ntchito ya zaka zambiri.

Njira zoyambira pa Likhubula

Ulendo waufupi ndi wa ku Dziwe la Nkhalamba, pafupifupi ola limodzi kuchokera pa ofesi ya za nkhalango. Uwu ndi woyenera a Fomu 1 ndi 2. Mathithi ake ndi okongola, koma madziwo ndi ozizira kwambiri, dziwelo ndi lakuya, ndipo latengapo miyoyo ya anthu. Kudziwa kusambira pa dambo si kudziwa kusambira pamenepo.

Wopitirira ndi njira ya Chapaluka amatsata mtsinje wa Likhubula mpaka kukafika m'chigwa cha pamwamba cha Chambe. Njira ina yopita komweko ndi Skyline, yomwe idatenga dzina ku chingwe chomwe ankatsitsira matabwa kuchokera kumtunda. Ndi yaifupi koma yokwera kwambiri, ndipo mthunzi ndi wochepa. Kukafika pa nyumba yogona alendo ya Chambe kumatenga maola atatu kapena anayi, kukwera mamita pafupifupi 1,000. Gulu la ana limayenda pa liwiro la wofooka, choncho tiwonjezerepo nthawi.

Sapitwa si ulendo wa tsiku limodzi. Okwera ambiri amagona pa nyumba ya Chisepo n'kulawira m'mawa, ndipo kumtundako amakwawa pa matanthwe. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil adasiya womuperekeza n'kupitirira yekha. Nyengo itasintha adasochera, ndipo adamupeza atamwalira patapita masabata. Anali wamphamvu ndi wophunzira. Safunsa adadya phula.

Tisapusitsidwenso ndi anyamata a mpikisano wa Porters Race, omwe amayambira pano n'kuzungulira pamwamba mothamanga m'maola ochepa. Ambiri mwa iwo akhala akusenza katundu m'njirazi kwa zaka.

Zoyenera kutsata tisananyamuke

Choyamba, tilembetse pa ofesi ya za nkhalango ndi kutenga woperekeza wodziwika kumeneko. Ndalama yake iwerengedwe m'chopereka cha ulendo, isakhale chinthu chochotsa ndalama zikachepa.

Chachiwiri, tinyamuke tikangotha swala ya m'bandakucha, ndipo tigwirizane ola lobwerera. Ola likakwana tibwerere, ngakhale komwe tikupita kukuonekera.

Chachitatu, mwana aliyense akhale ndi juzi, chodziteteza ku mvula, nsapato zogwira pansi, tochi, botolo la madzi ndi kamba wokwanira. Patapata atsale kunyumba.

Chachinayi, m'nyengo ya dzinja tisawoloke mtsinje wodzaza. Mvula ingathe kugwa kumtunda kuno kuli dzuwa, madzi n'kutipeza mwadzidzidzi. Namondwe wa Freddy mu March 2023 adationetsa zomwe madzi ndi miyala zochokera m'phiri zimachita.

Chachisanu, zinyalala zathu titsike nazo. Mtsinje wa Likhubula timamwa ife, komanso mapaipi amatenga madzi ake kupita nawo ku Nguludi kuti akamwe anthu a ku Blantyre.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Alendo amalipira ndege kudzaona zomwe ife timaona tikamatsuka mbale. Sitikufuna kuti makolo aletse ana kukwera chifukwa cha mantha, komanso sitikufuna kuti mwana akwere mozemba ndi anzake Loweruka. Tikufuna apite mwadongosolo, abwere onse.

Ntchito ya kunyumba

1. Ngati pa Likhubula pali madigiri 24, ku Chambe kungakhale madigiri angati? Onetsani mawerengedwe anu.
2. Fotokozani chifukwa chake minda ya tiyi ili kumwera kwa phiri.
3. Funsani agogo kapena woperekeza alendo wa m'mudzi mwanu zizindikiro zomwe amaonera kuti chiperoni chikubwera. Lembani ndime imodzi, mubwere nayo Lolemba.