Kusokerera Mabatani pa Juzi

Mwatha kuluka juzi ya mwana. Juni wayandikira, kunja kwayamba kuzizira. Koma juzi yopanda mabatani siteteza chifuwa.

Yalani juzi pamphasa. Mbali ya zibowo ikhale pamwamba pa inzake. Pansi pa chibowo chilichonse ikani chizindikiro. Pamenepo ndi pokhala batani.

Choluka chimatamuka. Choncho yambani mwasokerera kansalu kumbuyo kwake kuti batani lisang'ambe juzi.

Ikani kamtengo ka machesi pansi pa batani. Sokani kasanu, muchotse kamtengoko. Zengezani ulusi pampata wotsalawo, mumange mfundo. Mpatawo uthandiza kuti batani lizilowa bwino.

Tsopano likokeni, muone ngati lalimba. Batani logwedera, mwana akhoza kulithothola n'kulimeza.

Funso: Kodi kansalu kaja n'kantchito yanji?