Makalata a omvera: Ulendo wa ku Ulongwe

Zikomo achemwali athu a ku Dedza chifukwa cha kalata yanu. Mwafunsa ngati ku Ulongwe nkoyenera kukachezako pa Loweruka. Omvera enanu musasokonezeke, sitikunena Ulongwe wa ku Balaka, koma likulu la boma la Angónia ku Mozambique, limene Apwitikizi ankalitcha Vila Coutinho.

Pitani, mayi. Mukadutsa pachipata cha Calomue mupeza maminibasi otchedwa chapa kapena njinga zamoto. Mukafika, mapazi anu akukwanirani, tauniyo ndi yaing'ono. Yambirani kumsika dzuwa lisanakwere. Kachewere amamuunjika milumilu, nyemba ndi kabichi zili mbwee, ndipo zitenje, zomwe kumeneko amati kapulana, zimapachikidwa mpaka kudenga. Musachite manyazi kunenerera mtengo, amalonda ambiri amayankhula Chichewa chathu chomwechi. Koma sinthiranitu ndalama, mukhale ndi metikali m'manja. Buledi wawo wotentha uja musamusiye, ine ndimamuika patsogolo pa wathu.

Za usiku, ndinene mosabisa: ngati mukufuna madisiko akuluakulu, pitirirani ku Tete. Ku Ulongwe chisangalalo chili m'timabala totchedwa mabaraka, nkhuku yootcha ya piripiri, mowa wa 2M kapena Manica, nyimbo za kizomba kusinthana ndi za kwathu kuno. Ophunzira zaulimi a pa yunivesite ya UniZambeze ndiwo amakometsa madzulo a Lachisanu.

Tengani juzi, chifukwa mu Juni ndi Julayi kuphiri kumeneko kumazizira koopsa. Chiphaso chanu chisachoke m'thumba, apolisi amafunsa. Malo ogona pezeranitu kusanade, ndipo pobwerera usiku yendani awiriawiri.

Titenge kalata ina.